Mabawuti a ARP pa sampu ya Chevrolet 350: ndi abwino, koma mphamvu zawo si chimene mukulipira

Ntchito ya bawuti ya sampu ndi yopepuka kwambiri pa injini yonse. Imangogwira sampuyo, yomwe ndi mbale yachitsulo chopyapyala ya pansi pa injini yonyamula malita anayi kapena asanu a oyilo, n'kufinya gasiketi, chotsekera mpata kuti oyilo asatuluke, mofanana mbali zonse. Komatu pa galimoto zakale za ku America zimene zimabwera pagalaja yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Germiston, ku South Africa, n'zosowa kupeza sampu youma. Mwini galimoto akaona madontho pansi, maganizo ake amathamangira ku mabawuti olimba kwambiri amene ndalama zake zingagule, ndipo dzina limene limatuluka pakamwa pake ndi ARP, kampani ya ku America yopanga mabawuti. Seti yake ya mabawuti a sampu ndaimanga pa injini ya 350, ndayenda nayo, ndipo ndikuti ndi yabwino ndithu. Koma amene akuigula poganiza kuti kulimba kwake ndiko kuletse oyilo kudontha, ayambe wamva zimene ndikufuna kunenazi, chifukwa kulimba komweko kukhoza kumuonongera sampu.

Injini ndikunenayi ndi ya Chevrolet ya masilinda 8, ija amaitcha small-block. Inatuluka koyamba mu 1955 ili ya 265 cubic inch, ndipo ya 350, yomwe ndi malita 5.7, inayambira mu Camaro ya 1967. Pa injini zakalezi sampu imamangidwa ndi mabawuti 18. Khumi ndi anayi a m'mbali ndi ang'ono, a 1/4-20, ndipo anayi a m'makona ndi okulirapo, a 5/16-18. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa bawuti m'mainchi, yachiwiriyo ndi kuchuluka kwa mazinga pa inchi imodzi. Zikuoneka zosavuta, koma mavuto ambiri amene ndimakumana nawo amayambira pomwepa.

Dziko lino linasiya mainchi n'kutsata mamilimita m'zaka za m'ma 1970, choncho mashopu ambiri a zitsulo ali ndi mabawuti a mamilimita, a M6 ndi M8, odzaza mabokosi, koma ukafunsa 1/4 UNC, yomwe ndi 1/4-20 ya mainchi ija, amakuuza kuti uyese kwina. Bawuti ya 1/4 ndi mamilimita 6.35 ndipo mazinga ake amatalikirana 1.27, pamene M6 ndi mamilimita 6 ndipo mazinga ake amatalikirana 1.0. Ndi maso simungasiyanitse. M6 imalowa m'bowo la 1/4 kuzungulira kamodzi kapena kawiri, kenako n'kuyamba kulimba, ndipo munthu wa dzanja lolemera amangoti ndi dzimbiri, n'kupitiriza kukakamiza. Akamaliza amakhala atadya mazinga a m'buloko. M8 nayo imapusitsa chimodzimodzi pa mabowo a 5/16, poti kunenepa kwake kuli pafupifupi kofanana, 8 kuyerekeza ndi 7.94, koma mazinga ake ndi 1.25 pamene a 5/16-18 ndi 1.41.

Galimoto imene ndinamangapo setiyi ndi bakkie, kapena kuti pikiapu, ya Chevrolet C10 ya bambo wina wachikulire amene amaisamala ngati mwana. Injini yake siyobadwa nayo, mwini wake wakale anachotsa ya masilinda 6 n'kuikamo 350. Inabwera kuti tikonze zina za m'kati, ndiye tinaitulutsa n'kuikweza pa sitandi. Nditaitembenuza, ndinapeza sampu itamangidwa ndi mabawuti a mitundu itatu. Ambiri anali onyezimira a chrome, aja amagulitsa m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina la kampani, opanda chizindikiro chilichonse pamutu. Chrome inali itayamba kusendeka m'makona a mitu, dzimbiri litalowa pansi pake. Awiri anali a M6, okakamizidwa. Imodzi inali yaitali kwambiri moti inali itagunda pansi pa bowo: ukaigwira ndi sipanala inkamveka yothina bwino, koma washala yake inkazungulira ndi chala. Kuzungulira mlomo wonse wa sampu kunali silikoni wofiira wopakidwa mopanda chisoni, ndipo nyenyeswa zake zina ndinazitola pa kasefa ka paipi yokokera oyilo. Zimenezi ndi zomwe zimandiopsa kuposa dontho la pansi, chifukwa kasefako kakatsekeka injini imafa ndi ludzu oyilo ali tho m'sampu.

Bamboyo ndi amene anasankha ARP, ndipo anafuna ya stainless ya mitu ya makona 12. Tinaitanitsa kudzera kwa ogulitsa zipangizo za galimoto za ku America a kuno, tinadikirako ndithu isanafike. ARP ndi kampani ya ku California, dzina lake lonse ndi Automotive Racing Products, ndipo inayamba mu 1968. Mbiri yake inamangidwa pa mabawuti a malo oopsa, a makonirodi, a hedi ndi a mabering'i a kiranki, kumene bawuti ikaduka pa liwiro injini yonse imathera pomwepo. Seti ya sampu ndi kamwana chabe m'banja limenelo. M'paketi muli mabawuti 18 aja ndi mawashala ake, basi. Ukaitenga imodzi m'manja umaona kusiyana: mazinga osalala opanda timinga, mutu waung'ono wokhala ndi kachipewa kotambalala pansi pake, ndipo ukawaimika onse 14 patebulo mitu imalingana ngati yodulidwa ndi mpeni umodzi.

Pa nkhani ya mphamvu, kampaniyo imati stainless yake imapirira 170,000 psi (mapaundi pa sikweya inchi imodzi) isanaduke. Kuti mumvetse, bawuti ya Grade 5, ya timizere titatu pamutu, ndi 120,000 psi, ndipo ya Grade 8, ya timizere 6, ndi 150,000. Stainless wamba wa m'mashopu, wolembedwa A2-70, ali cha m'ma 100,000. Ndiye inde, mabawuti amenewa ndi olimba kuposa Grade 8. Funso n'lakuti, sampu ikufuna zochuluka bwanji? Buku la fakitale limati ang'ono aja amangidwe pa 80 inch-pound, pafupifupi 9 Nm (yonseyi ndi milingo ya mphamvu yothinitsira bawuti), ndipo a m'makona pa 165 inch-pound, pafupifupi 19 Nm. Grade 5 yabwino imafika pamenepo popanda vuto. Amene sindimawakhulupirira ndi opanda chizindikiro aja, chifukwa chitsulo chawo n'chofewa, amatamuka usanafike n'komwe pa mlingo, ndipo mawa lake amakhala atamasuka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo. Bawuti yofooka ikakumana ndi dzanja lolemera, imaduka. Zimapweteka, uyenera kuboola ndi kutulutsa chotsalira, koma chimene chaonongeka ndi bawuti. Ya ARP siduka msanga. Udzakoka, iyo n'kumangopita, ndipo chimene chidzagonje ndi china: mlomo wa sampu udzabonyoka kuzungulira bowo, gasiketi idzafinyika mpaka kutulukira kunja kapena kung'ambika, apo ayi mazinga a m'buloko, omwe ndi a chitsulo chosungunula cha zaka makumi asanu, adzasosoka. Mlomo ukabonyoka pa bowo lililonse, gasiketi imathina pamabowo pokha, pakati pa mabowo n'kukhala mpata, ndipo oyilo amadutsa pamenepo. Mwini galimoto akaona kudontha amatenga sipanala n'kuwonjezera, mlomo n'kubonyoka kwambiri, kudontha n'kukula. Ndaona masampu ambiri amene anaonongeka mwanjira imeneyi, ndipo ena anali ndi mabawuti odula kwambiri.

Nanga ndalama zanuzo zikugula chiyani? Choyamba, kwa ine, ndi mutu waung'ono uja. Bawuti wamba ya 1/4 imakhala ndi mutu wa 7/16, ndipo pa sampu malo ndi ochepa: khoma la sampu limatsika pafupi kwambiri ndi mabowo, makamaka pa masampu ogula padera okhala ndi mimba yotukumuka m'mbali. Soketi ya 7/16 imakhula khoma, imakhala mopendekeka, ndipo mlingo umene torque wrench, sipanala yoyeza kuthina kwa bawuti, ikukuuza umakhala wabodza. Ya ARP ya 1/4 imafuna soketi ya 5/16, ndipo ya m'makona imafuna 3/8. Soketi imakhala chilili, osakhudza kanthu. Munthu amene sanagonepo pansi pa galimoto akulimbana ndi bawuti ya pafupi ndi sitata sangaone phindu la zimenezi, koma ife timaliona.

Chachiwiri ndi kachipewa ndi washala. Zimagawa mphamvu pamalo otambalala m'malo moiunjika pamlomo wa bowo, ndiye chitsulo chopyapyala chija sichibonyoka msanga. Washala ndi yolimba, yosapindika, siikhala ngati kambale ikamangidwa kamodzi monga amachitira mawashala otchipa. Pano ndinenepo za ma spring washala, amene anzanga ambiri amawakonda: pa sampu ine sindiwaika. Mano ake amakanda penti, dzimbiri n'kuyambira pomwepo, ndipo sathandiza pa vuto lenileni, poti bawuti ya sampu nthawi zambiri simasuka chifukwa chozungulira yokha, imamasuka chifukwa gasiketi yaphwa pansi pake. Komanso pali kufanana kwa mazinga. Onse 18 analowa ndi zala mpaka kukhudza washala, popanda ngakhale imodzi yokakamira. Izi n'zofunika kwambiri pa mlingo waung'ono ngati 9 Nm, chifukwa bawuti ikakhala ndi mazinga okhakhala, gawo lalikulu la mphamvu yanu limathera pokhulana ndi mazinga, gasiketi osafinyika mokwanira, pamene ya pambali pake yafinya bwino.

Musanaitanitse, sankhani kaye gasiketi, chifukwa ndiyo imalamula kutalika kwa bawuti. Yakale ija imabwera m'zidutswa zinayi: ziwiri za cork za m'mbali, ndi ziwiri za labala zopindika, kutsogolo ndi kumbuyo. Yamakono ndi imodzi yathunthu ya labala, yokhala ndi chitsulo m'kati ndi timphete tachitsulo pamabowo toletsa kufinya mopitirira. Imeneyi ndi yokhuthala kuposa ya cork, choncho imafuna mabawuti otalikirapo, ndipo ARP imagulitsa maseti osiyana a mitundu iwiriyi. Ukasakaniza, zotsatira zake ndi ziwiri. Bawuti yaifupi pa gasiketi yokhuthala imagwira mazinga awiri kapena atatu okha, ndipo imawasosola. Yaitali pa cork imagunda pansi pa bowo isanafinye kanthu, monga ija ndinaipeza pa bakkie ija. Kuyesa n'kosavuta: lowetsani bawuti ndi zala m'bowo lopanda sampu mpaka itaima, yezani mpata wotsala pansi pa mutu, ndipo mpatawo ukhale wochepa kuposa kukhuthala kwa washala, mlomo wa sampu ndi gasiketi yofinyika pamodzi. Mbali inayo, onetsetsani kuti gawo lolowa m'buloko likuposa kunenepa kwa bawutiyo.

Ife tinatenga gasiketi yathunthu ya kampani ya Fel-Pro, ndipo posankha imeneyonso pali msampha umene wagwetsa ambiri. Cha mu 1975 Chevrolet inasintha kutsogolo kwa sampu, labala ya kutsogolo inakhala yokhuthala kuposa ya kale. Mu 1980 choyezera oyilo chinasamuka kuchoka kumanzere kwa buloko kupita kumanja, ndipo mu 1986 silu ya kumbuyo kwa kiranki inakhala yathunthu m'malo mwa zidutswa ziwiri, sampu ndi gasiketi n'kusinthanso. Pa galimoto yoti injini yake inachokera kwina, chaka cholembedwa pa mapepala sichikuuzani kanthu, ndipo sampu yomweyo ikhoza kukhala ya injini ina. Goneketsani rula pamwamba pa mlomo wa sampu kutsogolo, yezani kuchokera pa rula mpaka pansi pa kupindika kuja. Mukapeza mainchi 2 ndi 1/4, ikufuna labala yopyapyala. Mukapeza 2 ndi 3/8, ikufuna yokhuthala. Ya bamboyu inali 2 ndi 3/8, ngakhale galimotoyo ndi yakale kuposa 1975. Tikanatsata mapepala, kutsogolo kukanachucha tsiku lomwelo, ndipo palibe bawuti padziko lapansi imene ikanatseka mpata umenewo.

Nthawi yambiri ya ntchitoyi inathera pa zinthu zimene sizili m'paketi. Mlomo wa sampu unali wobonyoka pa mabowo pafupifupi onse. Ndinaugoneka pa m'mphepete mwa thabwa lolimba, n'kumagogoda bowo lililonse pang'onopang'ono ndi nyundo ya mutu wozungulira mpaka rula itagona bwino popanda kuwala kudutsa pansi pake. Mabowo a m'buloko ndinawatsuka ndi chotsukira mazinga, osati tapu yodulira, poti tapu imachotsa chitsulo chimene sichidzabweranso. Awiri aja a M6 anali atatheratu, ndiye tinaikamo Heli-Coil ya 1/4-20, kawaya kopotana kolowetsa m'bowo kuti kabwezeretse mazinga. Kenako kupopera mpweya m'bowo lililonse kuti mutuluke oyilo ndi silikoni wakale. Bowo lotseka pansi likakhala ndi oyilo, bawuti imakankha oyiloyo n'kumveka yothina isanafike. Ndinayezanso mpata pakati pa kasefa kokokera oyilo ndi pansi pa sampu poikapo kachibumi ka dongo la ana losewerera, chifukwa gasiketi yokhuthala imatsitsa sampu pang'ono. Mpatawo umafunika kukhala pakati pa 1/4 ndi 3/8 ya inchi. Silikoni ndinaika timadontho tinayi tokha, m'makona mmene chivundikiro cha tcheni chimakumana ndi buloko kutsogolo, ndi mmene kapu ya bering'i yomaliza imakumana ndi buloko kumbuyo.

Pomanga, mnyamata amene amandithandiza, wa kwathu komwe ku Mangochi, anabwera ndi torque wrench yaikulu imene timamangira mahedi. Anati, "Achimwene, mwati 80 eti? Ndaika kale." Ndinamuuza kuti awerengenso bwino pepalalo. Ndi 80 inch-pound, osati foot-pound, ndipo kusiyana kwake n'kuchulukitsa ka 12. Iye ndi wanzeru, anazigwira msanga, koma cholakwika chimenechi chimachitika m'magalaja ambiri, ndipo ndi bawuti yolimba chonchi chimene chikanatsala m'manja mwake ndi mazinga a buloko. Pa mabawuti a 1/4 pamafunika torque wrench yaing'ono ya soketi za 1/4, chifukwa yaikulu siiwerenga molondola ikakhala pansi penipeni pa mlingo wake. Ngati gasiketi yanu yabwera ndi kapepala konena mlingo wake, tsatirani kapepalako. Kamangidwe kake n'kofanana ndi kukunga ng'oma: sumaliza chikhomo chimodzi n'kupita pa china, umakoka pang'ono pang'ono mozungulira kuti chikopa chikhale chofanana. Lowetsani onse 18 ndi zala kaye, kenako yambirani pakati kupita kumapeto, uku ndi uku mosinthana, ulendo woyamba theka la mlingo, wachiwiri mlingo wonse, wachitatu kungotsimikiza.

Stainless ili ndi khalidwe lake loyenera kulidziwa. Ikamangidwa youma imakonda kumatirira pa mazinga, makamaka ikakumana ndi stainless inzake kapena aluminiyamu, ndipo ikamatirira siibwerera m'mbuyo. M'buloko ya chitsulo chosungunula vutoli ndi lochepa, komabe ndimapaka kamafuta koletsa kumatirira pa mazinga ndi pansi pa mutu, kochepa chabe. Dziwani kuti mazinga opakidwa mafuta amaterera, ndiye pa mlingo womwewo bawuti imafinya kwambiri kuposa youma. Chimenechi ndi chifukwa chinanso chosawonjezera "kakang'ono" pamwamba pa mlingo. Ena amakonda Loctite yabuluu, guluu woletsa bawuti kumasuka, m'malo mwake. Pa gasiketi ya timphete tachitsulo sindiona kufunika kwake, poti bawuti imakhala itatsamira pa chitsulo ndipo siphwa. Pa cork ndiye ndimaikana, chifukwa cork imafuna kubwereranso kudzamanga injini ikatentha n'kuzizira kangapo, ndipo ukazunguliza bawuti ya Loctite youma kale, waithyola, yatha ntchito.

ARP imagulitsanso seti ya masitadi, omwe ali ngati mabawuti opanda mutu, ndi manati ake m'malo mwa mabawuti, ndipo bamboyo anandifunsa ngati sikanakhala yabwino koposa. Masitadi ali ndi ubwino weniweni. Amalowa m'buloko kamodzi n'kukhala momwemo, ndiye mazinga akale sakhulidwanso nthawi iliyonse sampu ikatsika. Amagwira gasiketi pamalo pake ndi kulondolera sampu, zimene zimathandiza kwambiri ukakhala wekha. Pa injini ya mpikisano imene sampu yake imatsika kawirikawiri kuti aone mabering'i, ndingasankhe masitadi mosaganiza kawiri. Koma pa galimoto ya pamsewu, yang'anani pansi kaye. Pa zambiri mwa galimotozi, chitsulo chopingasa cha tchesi chimadutsa pansi pa sampu, ndipo kuti sampu ituluke injini ili m'malo mwake uyenera kuitsitsa pang'ono n'kuikokera kumbuyo mopendeketsa, nthawi zina utakwezako injini pa mamaunting'i. Masitadi amafuna kuti sampu itsike molunjika mpaka itawapitirira onse, ndipo mpata umenewo sukhalapo nthawi zonse. Ntchito ya masana amodzi imasanduka yozula masitadi mmodzimmodzi uli chagada, oyilo akukudonthera kumaso. Pa C10 imene imangoyenda Loweruka ndi Lamlungu, yomwe sampu yake mwina sidzatsikanso kwa zaka khumi, ndinamulangiza mabawuti. Ubwino wa kulondolera uja tinaupezabe, chifukwa gasiketi ya Fel-Pro imabwera ndi tizikhomo tapulasitiki tolowetsa m'makona, togwira gasiketi ndi sampu pamene ukulowetsa mabawuti enawo.

Pali zinthu zitatu zimene zingakupangitseni kuganiza kawiri, ndipo palibe mwa izo chimene chili chilema cha katunduyo. Mtengo ndi wokwera kangapo kuposa mabawuti a Grade 5 a kachipewa ogula kwa ogulitsa mabawuti odziwa ntchito yawo, ndipo ukaphatikiza zonyamulira kuchokera ku America umakweranso. Munthu amene ndalama zili zochepa, ndimamuuza mosabisa kuti aike ndalamazo pa gasiketi yabwino ndi torque wrench yaing'ono, mabawuti atenge a Grade 5 a kutalika koyenera ndi mawashala olimba. Sampu yake idzauma chimodzimodzi. Kenako mutu wa makona 12: umafuna soketi ya makona 12 ya 5/16 (ndi ya 3/8 pa a m'makona aja), ya makona 6 silowa, ndipo sipanala yotsegula kapena shifting'i sizigwira n'komwe. Ukafera panjira kutali ndi tauni, makaniko wa pamalopo mwina sadzakhala nayo, ndipo adzagwira ndi pulayala. Soketi imeneyi ndinauza bamboyo kuti izikhala m'galimoto momwemo. Chomaliza ndi maonekedwe. Stainless yonyezimira pa injini ya penti ya orenji ya Chevrolet imaoneka bwino kwa amene amakonda zonyezimira, koma kwa wobwezeretsa galimoto kuti ifanane ndi mmene inatulukira ku fakitale, mitu imeneyi imaonekera patali kuti ndi yachilendo.

Injini itabwerera m'galimoto tinailiza mpaka kutentha, n'kuisiya kuzizira usiku wonse, m'mawa n'kudutsanso pa mabawuti onse ndi torque wrench. Palibe imene inasuntha. Bamboyo atabweranso kudzasintha oyilo woyamba, mlomo wa sampu unali wouma kuzungulira konse, mitu ya mabawuti yoyera, yopanda kadontho ka dzimbiri ngakhale inali itadutsa m'mvula ya kuno. Panali kachinyezi ka oyilo kumbuyo kumanzere, ndipo iye anayamba kale kuda nkhawa kuti sampu yayambanso. Nditatsata ndi tochi kukwera m'mwamba, kanali kochokera pa tapeti kava, chivundikiro cha pamwamba pa hedi. Izi zimachitika kawirikawiri pa injini zimenezi: oyilo wochokera pa tapeti kava, kumbuyo kwa manifodi, pa disitiribyuta kapena pa kaswitchi ka puresha ya oyilo amatsetserekera pansi n'kukasonkhana pa mlomo wa sampu, sampu n'kusenza mlandu wa ena. Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, tsukani injini, iyendetseni pang'ono, muone pamene chinyezi chikuyambira. Onaninso kavalavu ka PCV pa tapeti kava, kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, chifukwa kakatsekeka mpweya umadzazana m'kati mwa injini n'kumakankha oyilo pa gasiketi iliyonse, yatsopano ndi yakale yomwe.

Kwa anzanga a kumudzi, a ku Biwi ndi ku Ndirande, ndikudziwa kuti 350 siibwera kawirikawiri pagalaja panu. Koma Land Rover zakale za Series zilipo, ndipo pa izo nkhani ya mazinga ndi yovuta kuposa pa Chevrolet, chifukwa galimoto imodzi ikhoza kukhala ndi mazinga a mainchi a UNF ndi BSF komanso a mamilimita malo osiyanasiyana, kutengera chaka ndi manja amene inadutsamo. Kachipangizo koyezera mazinga, kaja ka timasamba ta mano, n'kotchipa ndipo kamakwana m'thumba la ovololo. Bawuti imene yakana kulowa ndi zala pa sampu, musaipatse sipanala.

Pa sitandi pano pali 350 ina, ya galimoto imene mwini wake amayenda nayo maulendo ataliatali mpaka ku Karoo, dera louma la m'dziko lino. Imeneyo ndaitanitsira ARP yomweyo, koma yakuda ya chrome moly, ya mitu ya makona 6. Mutu ndi waung'ono chimodzimodzi, kachipewa ndi washala ndi zomwezo, mtengo ndi wotsikirapo, ndipo sipanala wamba ya 5/16 imagwira, ngakhale ya 8 mm ikhoza kupulumutsa munthu panjira poti kukula kwake n'kofanana pafupifupi. Chakuda chijacho sichiletsa dzimbiri ngati stainless, ndiye ndikamaliza kumanga ndidzapaka mituyo penti yomweyo ya injini.